Kafupa ka nambala 27: ululu wa phazi umene ambiri amauyesa kubinya

Mabuku a sukulu amati phazi la munthu lili ndi mafupa 26. Anthu ena ali ndi kena kapadera, ndipo ambiri amakalamba nako osakadziwa. Koma kwa wosewera mpira, wothamanga kapena wovina, kafupa kameneka kangathe kudula ntchito yake ikadali poyambira.

Wosewera mpira wa miyendo akamaponya shoti ndi pamwamba pa phazi, amaloza zala pansi mpaka phazi liwongokere limodzi ndi mwendo. Amachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku osaziganizira n'komwe. Koma pali osewera ena amene akangotero amamva kanthu kakuwabaya kumbuyo kwa kakolo, mkati mwenimweni, kutsogolo kwa mtsempha waukulu wa chidendene. Poyenda sipawapweteka. Pothamanga pang'onopang'ono pamalo osalala sipawavuta. Koma akamenya mpira mwamphamvu, kapena akamatsetsereka chitunda, ululu uja wafika.

M'matimu ambiri yankho limakhala lodziwika kale: wabinya. Amamuthowa ndi madzi otentha, kumusisita ndi mankhwala opaka, kumumanga bandeji, n'kumupatsa mapiritsi opha ululu. Akapuma sabata imodzi amamva bwino, akabwerera m'bwalo zimayambiranso. Ikatha miyezi ingapo anzake amayamba kunong'onezana kuti mnyamatayu ndi waulesi, kapena akuthawa kulimbirana malo m'timu. Kunyumba nako azakhali amayamba kufunsa ngati mwanayo sanaponde zinthu panjira.

Chonsecho kubinya wamba kumapola. Mitsempha yomanga mafupa ikakokeka pang'ono, pakatha masabata 2 mpaka 6 munthu amakhala atayambiranso kusewera. Ululu wokhazikika pamalo amodzi, woti mwini wake angathe kuuloza ndi chala chimodzi, wobwera phazi likapindika mwa njira imodzimodzi n'kuchoka akapuma, umakhala ndi gwero lina. Mwa zinthu zoyambitsa ululu wotere muli chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri m'mabwalo a masewero, ndicho kafupa kapadera.

Kumene kamachokera

Mwana akabadwa, mafupa ambiri a phazi lake amakhala akadali chicherewecherewe. Kuuma kumayambira pa timalo tingapo, timene timakula mpaka kukumana n'kukhala fupa limodzi. Ntchito imeneyi imatenga zaka, ndipo ku phazi imatha mwana atakula msinkhu. Nthawi zina kachigawo kamodzi kamauma pakokha osalumikizika ndi fupa lalikulu. Kamatsalira pambali, katagwiridwa ndi chicherewecherewe kapena timinyewa tolimba. Timafupa tina timamera mkati mwa mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa, monga lilili fupa lophimba bondo limene tonse tili nalo.

Kukhala ndi kafupa kotere si matenda, si chilema, ndiponso si chifukwa cha chimene mayi anadya kapena anachita ali woyembekezera. Ndi kusiyana kwa kapangidwe ka thupi basi, ndipo mitundu ina imayenda m'magazi a banja.

Akatswiri a za thupi akhala akutiona timafupati kwa zaka mazana ambiri. Andreas Vesalius, mbadwa ya Brussels amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Padua ku Italy, anaonetsa kafupa kapadera ka m'mbali mwa phazi m'buku lake lalikulu lofotokoza thupi la munthu, losindikizidwa ku Basel mu 1543. Caspar Bauhin wa ku Basel komweko anafotokoza kena ka mbali ya mkati mwa phazi mu 1605. Mu 1804 Johann Christian Rosenmüller wa ku Leipzig analemba za kena ka kumbuyo kwa kakolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Wilhelm Pfitzner wa ku Strasbourg anasanthula mapazi mazanamazana a anthu omwalira n'kundandalika timafupa tonse tapadera timene anapeza.

Onsewa ankationa m'mitembo. Zinthu zinasintha mu November 1895 pamene Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray ku Würzburg. Kuyambira pamenepo dokotala akanatha kuona kafupa m'phazi la munthu wamoyo. Koma luso latsopanoli linabweretsanso funso limene likuvutitsabe madokotala mpaka lero: kachidutswa kooneka pa chithunzipa kathyoka dzulo, kapena kakhalapo kuyambira ubwana?

Kumbuyo kwa kakolo

Fupa limene limasenza mwendo wonse pa kakolo madokotala amalitcha talus. Kumbuyo kwake kuli kansonga kamene kamayamba kuuma mtsikana ali ndi zaka 8 mpaka 10, mnyamata 11 mpaka 13, ndipo kawirikawiri kamalumikizika ndi talus pasanathe chaka. Kakapanda kulumikizika kamasanduka kafupa ka ngodya zitatu kotchedwa os trigonum. Kafukufuku wosiyanasiyana amakapeza mwa anthu apakati pa 7 ndi 25 pa 100 alionse, kutanthauza kuti m'gulu la osewera 22 amene ali m'bwalo n'zosadabwitsa kupezamo angapo okhala nako.

Ambiri mwa iwo sadzamva kalikonse. Vuto limayamba phazi likamalozedwa pansi mpaka pamapeto, mobwerezabwereza ndiponso mwamphamvu. Pamenepo kumunsi kwa fupa la msongolo ndi pamwamba pa fupa la chidendene zimayandikana, ndipo kafupa kaja kamapanika pakati monga chala chimapanikira pa chitseko. Kamodzi si kanthu. Koma zikachitika tsiku ndi tsiku kwa miyezi, chicherewecherewe chogwira kafupako chimayamba kung'aluka, minofu yozungulira imatupa, ndipo malo amene anali ochepa kale amacheperachepera.

Amene anaphunzitsa madokotala zambiri za vutoli ndi ovina gule wa ballet, chifukwa iwo amaima pa nsonga za zala thupi lonse litatsamira pamenepo. William Hamilton, dokotala wa mafupa amene anasamalira ovina a New York City Ballet kwa zaka zambiri, analemba mu 1982 kuti ululu wa kumbuyo kwa kakolo mwa ovina umabwera kawirikawiri ndi mnzake. Pambali penipeni pa os trigonum pamadutsa mtsempha wopinda chala chachikulu cha kuphazi. Malowo akatupa, mtsemphawo umakhulana ndi njira yake, moti wovina amamva kuwawa ngakhale akangogwedeza chala, nthawi zina chalacho n'kumakodwa.

Pambuyo pa ovina pamabwera osewera mpira wa miyendo, oponya mpira mwaliwiro mu masewero a cricket amene amaponda mwamphamvu ndi phazi lakutsogolo, ochita masewero odumphadumpha, ndi othamanga m'mapiri amene amatsetsereka mitunda italiitali.

Chosokoneza n'chakuti nthawi zambiri vutoli limayambadi ndi kubinya kwenikweni. Wosewera amapotokola kakolo, kutupa kumaphwa, koma kugwedezeka kuja kwasuntha kafupa kamene kanali phee kwa zaka. Onse amapitiriza kuchiza kubinya kumene kunapola kale. Ena amaganiza kuti ndi mtsempha wa chidendene, uja wotchedwa Achilles. Kusiyanitsa kwake sikufuna makina: dokotala akatsina mtsemphawo wodwala samva kuwawa kwenikweni, koma akagwira phazi n'kulikankhira pansi mwadzidzidzi, wodwala amadzidzimuka n'kunena kuti ndi pomwepo.

Chotumphuka cha mkati mwa phazi

Kafupa kachiwiri kamakhala mbali ya mkati mwa phazi, kutsogolo pang'ono ndi kumunsi kwa kakolo, pamwamba pa malo okwera aja amene sagunda pansi munthu akaponda. Pamenepo pali fupa lotchedwa navicular. Mtsempha wamphamvu wochokera ku katumba umadutsa kuseri kwa kakolo n'kudzamangirira pa fupa limeneli, ndipo ndi umene umakoka phazi kuti lisaphwatalale. Mwa anthu apakati pa 4 ndi 21 pa 100 alionse, pamalo omangirirapo pamakhala kafupa kena, kamene madokotala amakatcha accessory navicular. Kwa ambiri kamakhala kumapazi onse awiri.

Kali ndi mitundu itatu. Woyamba ndi kanjere ka mamilimita 2 kapena 3 kobisala mu mtsempha, ndipo sikavuta. Wachitatu ndi kamene kanalumikizika kale ndi navicular n'kulitalikitsa, moti vuto lake limangokhala kukhulana ndi nsapato. Wovuta ndi wachiwiri: kafupa kokulirapo, kofika sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kolumikizidwa ndi navicular kudzera pa kamzere kopyapyala ka chicherewecherewe. Mtsempha uja ukamakoka, umakoka kafupako, ndipo mphamvu yonse imathera pa kamzere kofookako.

Ululu umayamba nthawi zambiri mwana ali pakati pa zaka 10 ndi 15, kafupa kakamauma ndipo masewero akamakula, ndiponso umaoneka kwambiri mwa atsikana. Ganizirani zimene phazi la wosewera mpira wa manja limakumana nazo. Lamulo silimulola kuyenda ndi mpira, choncho akaulandira ali pa liwiro ayenera kuima nthawi yomweyo, nthawi zambiri atatera ndi phazi limodzi, kenako n'kutembenukira pa phazi lomwelo. Akamachita zimenezi pa simenti kapena pa dothi louma gwa, atavala nsapato za pa kaunjika zimene zinapindika kale motsata phazi la munthu wina, mtsempha uja supuma.

Kholo likayang'ana limaona chotumphuka cholimba, nthawi zina chofiira chifukwa chokhulidwa ndi nsapato. Mwanayo amadandaula akaweruka ku masewero kapena akayenda mtunda wautali, ndipo akauzidwa kuti anyang'ame ndi phazi limodzi amalephera kapena amachita tsinya. Akuluakulu amangoti ndi kukula, zidzatha zokha. Nthawi zina zimathadi mafupa akakhwima. Koma mtsikana amene wamva kuwawa kwa chaka chonse popanda womumvera sadikira kuti mafupa akhwime. Amangosiya masewero mwakachetechete, ndipo palibe amene amalemba kuti timu yataya wosewera chifukwa cha kafupa kochizika.

Pamalo omwewa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa si ululu wonse wa pa navicular umene umachokera ku kafupa kapadera. Fupali sililandira magazi ambiri pakati pake, choncho limatha kung'aluka pang'onopang'ono chifukwa cholemedwa, ndipo limachedwa kupola. Joel Embiid, katswiri wa basketball wochokera ku Cameroon, anapezeka ndi mng'alu wotere mu June 2014, atatsala pang'ono kutengedwa ndi Philadelphia 76ers, ndipo sanasewere mu NBA mpaka October 2016. Rafael Nadal, katswiri wa tenisi wa ku Spain, anapezeka mu 2005, ali ndi zaka 19, ndi matenda osowa otchedwa Müller-Weiss, amene amafooketsa ndi kupotoza navicular. Anasewera nawo ntchito yake yonse mothandizidwa ndi zoika m'nsapato zopangidwira phazi lake, ndipo mu June 2022, atapambana French Open kachi 14, anaulula kuti ankasewera phazi litabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi. Awiriwa analibe vuto la kafupa kapadera, koma chala chawo chikanaloza malo omwewo. N'chifukwa chake ululu wa pamenepa si woti kochi kapena mnzako wa m'timu aupatse dzina.

Kosowa kwambiri, kosokoneza kwambiri

Kafupa kamene Vesalius anaonetsa kaja kanapatsidwa dzina lake patapita zaka zoposa 300, ndipo kamatchedwa os vesalianum. Ndi kosowadi: anthu okhala nako sakwana mmodzi pa 100, ndipo kafukufuku wina amapeza mmodzi yekha pa 1,000. Kamakhala m'mbali ya kunja kwa phazi, patsinde pa fupa lalitali lopita ku kachala kakang'ono, pomwe aliyense akasisita amamva kansonga. Pamenepo pamamangirira mtsempha wotembenuzira phazi kunja, umene umagwira ntchito yaikulu wosewera akamakhota mwadzidzidzi kapena akamapewa kupotokola kakolo.

Tsoka lake n'lakuti malo amenewa ndi amodzi mwa malo othyokathyoka kwambiri pa phazi la wosewera. Robert Jones, dokotala wa mafupa wa ku Liverpool, anathyoka pamenepa akuvina, ndipo mu 1902 analemba za kuthyoka kwake ndi kwa odwala ena. Mpaka lero kuthyoka kwa mtundu umenewu kumadziwika ndi dzina lake. Kevin Durant, katswiri wa basketball, anathyoka chonchi mu October 2014 n'kusewera magemu 27 okha mu sizoni imeneyo. Neymar, katswiri wa mpira wa miyendo, anathyoka fupa lomweli mu February 2018 pa masewero a Paris Saint-Germain ndi Marseille, n'kukachitidwa opaleshoni kwawo ku Brazil patatsala miyezi itatu kuti World Cup iyambe.

Choncho wosewera akafika kuchipatala akutsimphina, chithunzi n'kuonetsa kachidutswa kopatukana ndi fupa, maganizo oyamba amakhala akuti wathyoka. Amamuika chikhakha kwa masabata angapo. Akajambulanso, kachidutswa kali pomwepo. Amati fupa lakana kugwirana, n'kuwonjezera masabata ena. Minofu ya mwendo imafota, kakolo amauma, sizoni imapita, chonsecho palibe chinathyoka. Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsa koposa: kutenga kuthyoka kwenikweni ngati kafupa kobadwa nako, n'kumulola wosewera kubwerera m'bwalo.

Wodziwa kuwerenga chithunzi amayang'ana m'mphepete. Fupa longothyoka kumene limakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo zidutswa ziwirizo zimaoneka kuti zingalowane. Kafupa kapadera kamakhala kosalala, kozungulira, kokutidwa ndi khungwa lake lolimba mbali zonse. Kwa ana pali chachitatu choyenera kukumbukira. Pamalo omwewa pamakhala kachigawo kokulira fupa, kamene kamaoneka mwa atsikana a zaka 9 mpaka 11 ndi anyamata a zaka 11 mpaka 14, kenako n'kulumikizika. Mzere wake umatsata utali wa fupa, pamene mzere wa kuthyoka umadutsa mopingasa. Nako kamatha kupweteka mwa ana othamanga kwambiri, vuto limene dokotala Hans Iselin anafotokoza mu 1912.

Chapafupi pomwepo, kumbuyo pang'ono, mtsempha wina wodutsa kunsi kwa phazi umatha kukhala ndi kafupa kake kotchedwa os peroneum. Kameneka n'kofala ndipo sikavuta, koma kakasweka kapena mtsemphawo ukang'ambika, munthu amamva ngati waponda kamwala pa sitepe iliyonse.

Chithunzi si wodwala

Mu 1992 madokotala a ku Ottawa ku Canada, motsogozedwa ndi Ian Stiell, anakonza malamulo osavuta othandiza kudziwa wovulala amene akufunikadi X-ray. Pa phazi amati ajambulidwe ngati pakupweteka podina pa navicular, kapena patsinde pa fupa la kachala kakang'ono, kapena ngati munthu akulephera kuponda masitepe 4. Malamulowa apulumutsa ndalama ndi nthawi m'zipatala zambiri padziko. Koma taonani kuti malo awiri otchulidwawo ndi omwe timafupa tapadera timakhala. Wojambulidwa aliyense amajambulidwa pomwe chisokonezo chili.

Njira yotsika mtengo yochepetsera chisokonezochi ndi kujambulanso phazi linalo. Kachidutswa kofanana kakaoneka ku phazi losapweteka, ndiye kuti n'kutheka kwambiri kuti n'kobadwa nako. Sikuti nthawi zonse kamakhala mbali zonse, koma chithunzi chimodzi chowonjezera chingathe kupulumutsa munthu ku miyezi iwiri ya chikhakha.

Ngakhale kafupa katapezeka, funso lalikulu limakhala lisanayankhidwe. Poti anthu ambiri ali nato timafupati popanda ululu, kukapeza si umboni wakuti ndiko kakupweteka. Dokotala wabwino amayamba ndi kumvetsera: pakupweteka pati, pochita chiyani, kuyambira liti, nsapato kapena bwalo zinasintha liti. Kenako amadina ndi chala chake, n'kuona ngati malo owawa akugwirizana ndi malo a kafupa pa chithunzi. Kumene kuli makina a MRI, amaonetsa ngati mkati mwa kafupa ndi m'mbali mwake muli kutupa. Njira ina ndi kubaya kamankhwala kochititsa dzanzi pamalo enieniwo. Ululu ukatha kwa maola angapo, wosewera n'kumenya mpira osamva kanthu, gwero lapezeka.

Kupuma poyamba, mpeni pomaliza

Chithandizo choyamba ndi kuchotsa chimene chikupana kapena kukoka kafupako. Sikuti munthu agone pamphasa. Wa os trigonum amasiya kaye kuponya mashoti ndi kutsetsereka mitunda, koma angathe kupalasa njinga ndi kulimbitsa thupi lonse. Wa accessory navicular amasintha nsapato kuti isakhule chotumphuka, n'kuikamo chochirikiza kunsi kwa phazi. Ululu ukakhala waukulu amavala chikhakha kapena jombo ya kuchipatala kwa masabata 4 mpaka 6. Kuziziritsa ndi madzi oundana okulungidwa pa nsalu kumathandiza pakatupa, pamene kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita mwamphamvu pamalo otupa kumene kumangowonjezera moto. Kutema mphini pamenepo sikufika pa fupa, kumangotsegulira njira tizilombo.

Pambuyo pake pamabwera mafizo, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Kulimbitsa akatumba ndi timinofu ta m'phazi, kuphunzira kuima ndi mwendo umodzi osagwedezeka, kubwerera ku masewero pang'onopang'ono, zonsezi zimatenga miyezi 2 kapena 3, nthawi zina kuposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Odwala oposa theka a os trigonum amapeza bwino popanda opaleshoni.

Mapiritsi ngati ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa kutupa akamwedwa kwa masiku ochepa motsatira malangizo. Kumwa tsiku lililonse kuti uthe kusewera ndi nkhani ina. Amakanda m'mimba, ndipo amavulaza impso makamaka munthu akamathamanga padzuwa thupi lili lopanda madzi okwanira. Amatsekanso pakamwa phazi limene likuyesa kuchenjeza mwini wake. Jakisoni wa steroid amathandiza ena, koma sayenera kubayidwa mu mtsempha chifukwa amaufooketsa, ndipo kuyambira pa 1 January 2022 bungwe la World Anti-Doping Agency linaletsa majakisoni onse a mtundu umenewu pa nthawi ya mpikisano. Wosewera wa timu ya dziko ayenera kudziwitsa dokotala wa timu asanabayitse.

Zonsezi zikakanika kwa miyezi 3 mpaka 6, mpamene opaleshoni imaganiziridwa. Ya accessory navicular inafotokozedwa ndi Frederick Kidner wa ku Detroit mu 1929: kuchotsa kafupa n'kumangiriranso mtsempha pa navicular. Masiku ano imachitika mosinthidwa pang'ono, ndipo kubwerera ku masewero kumatenga miyezi 3 mpaka 6 chifukwa mtsempha uyenera kugwira fupa. Ya os vesalianum imafanana nayo: kuchotsa kafupa n'kusoka mtsempha, kapena kukalumikiza ndi fupa lalikulu ngati kali kokulirapo.

Pa os trigonum, kusintha kwakukulu kunabwera mu 2000 pamene Niek van Dijk ndi anzake ku Amsterdam anafotokoza njira yolowera kumbuyo kwa kakolo kudzera pa timabowo tiwiri, kamodzi ka kamera, kena ka zipangizo, m'malo mong'amba chilonda chachikulu. Mu 2010 James Calder wa ku London ndi anzake anatulutsa zotsatira za akatswiri a mpira wa miyendo 27 ochitidwa opaleshoni yotere chifukwa cha kupanika kwa kumbuyo kwa kakolo. Pa avereji anayambiranso kukonzekera masewero patatha masiku 34, ndipo anasewera patatha masiku 41. Amenewo anali osewera okhala ndi madokotala ndi akatswiri a mafizo tsiku lililonse, choncho wina asadziyeze ndi masiku amenewo. Opaleshoni ili ndi zoopsa zake: chilonda kulowa tizilombo, ndi kuvulala kwa timitsempha tomvera timene timadutsa pafupi, zimene zingasiye dzanzi m'mbali mwa phazi.

Kwathu kuno

Phazi la mnyamata wosewera pa bwalo la sukulu ku Ntcheu silisiyana kapangidwe ndi la wosewera wa ku Europe. Chosiyana ndi nthawi imene imapita asanakumane ndi munthu wodziwa mafupa. Koma anthu otero alipo, ndipo si ku mizinda kokha. Kuyambira mu 1985 dziko la Malawi lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a za mafupa, ndipo ndi amene amasenza ntchito yaikulu ya othyoka ndi ovulala m'zipatala za m'maboma. Odwala a mavuto aakulu amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kulinso chipatala cha mafupa cha LION. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Akatswiri a mafizo akuphunzitsidwa pa yunivesite ya KUHeS.

Zambiri zofunika pa vutoli sizidula: kufunsa bwino, kudina pamalo oyenera, X-ray ya mapazi onse awiri, nsapato yokwana, ndi nthawi yopuma. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu woyamba wokhulupirira wosewera akanena kuti pakupweteka.

Munthu ameneyo nthawi zambiri ndi kochi, mphunzitsi wa masewero pa sukulu, kapena kholo. Safunika kudziwa mayina achilatini. Afunse zinthu zitatu: ululuwo uli pamalo amodzi olozeka ndi chala? Umabwera ndi kachitidwe kamodzimodzi ka phazi? Wadutsa masabata 6 osasintha ngakhale mwana akupuma? Mayankho akakhala eya, nthawi ya kuthowa yatha, apite kuchipatala. Ngati wovulala akulephera kuponda, phazi latupa kwambiri kapena lachita dzanzi, kapena likupweteka usiku ali gone, apite tsiku lomwelo.

Matimu nawo ali ndi mbali yawo. Wosewera amene akudziwa kuti akapuma mwezi umodzi ataya malo ndi kandalama ka gemu amabisa ululu, amameza mapiritsi m'chipinda chosinthira zovala n'kulowa m'bwalo. Akamadzaulula, vuto la masabata 6 lasanduka la chaka. Timu imene imauza osewera ake poyera kuti wovulala sachotsedwa chifukwa chokaonana ndi dokotala imamva za kuvulala msanga, ndipo imalipira zochepa. Mabungwe oyendetsa masewero a m'sukulu ndi a achinyamata, kumene mavutowa amayambira, angathe kuika mafunso atatu aja m'maphunziro a makochi popanda kuwononga ndalama zambiri. Mwana wa zaka 13 amene wanena kuti phazi likumupweteka pamalo amodzi kwa miyezi iwiri akunena zoona, ndipo ayenera kupimidwa asanatchulidwe waulesi.